Okapi unandipindikira pachala, wogulitsa n'kunena kuti wolakwa ndine

Amene mumatolera mipeni yopinda kuno ku Joni mukuwadziwa bambo a tebulo lalitali aja pamsika wa zinthu zakale wa Lamlungu, ndipo mitengo yawo mukuidziwanso. Dzina sinditchula. Ndinagulako mipeni iwiri tsiku limodzi, Okapi wa mphete wodindidwa Made in Germany pa R1,400 ndi Douk-Douk watsopano pa R650. Okapi uja unanditumiza kuchipatala.

Okapi watsopano, wopangidwa ku Isithebe ku KwaZulu-Natal, mumaupeza m'sitolo za zipangizo pamtengo woti ngakhale wa maganyu agula. Chomwe ndinalipirira ine ndi chidindo. Mipeniyi inayamba kupangidwa ku Solingen, mzinda wa ku Germany, mu 1902 kuti izikagulitsidwa m'maiko a mu Africa omwe ankalamulidwa ndi Germany, ndipo makina ake pamodzi ndi dzina zinasamukira ku South Africa mu 1988. Choncho wa chidindo cha Germany ndi wa m'mbuyo mwa chaka chimenecho. Agogo anga aamuna anabwera nawo wotere pochokera kumigodi nthawi ya Wenela, wa kamwezi ndi tinyenyezi pachogwirira, koma unasowa pamaliro awo. Ndakhala ndikusaka wofanana nawo kwa nthawi yaitali, ndipo bambowa ndinawauza zonsezi ndisanatulutse ndalama.

Kwa amene simunaugwirepo, sipuling'i ya Okapi wa mphete siibisika m'kati monga ya mipeni ya kampani ya Victorinox kapena ya Case. Ili poyera, kachitsulo kakatali kogona pamsana pa chogwirira chamtengo, ndipo kutsogolo kwake kuli kabowo ndi mphete. Kutsinde kwa mpeni, komwe umazungulirira, kuli timano. Mukamatsegula, timanoto timadutsa pansi pa sipuling'i n'kumalira kuti kha kha kha, kenako kadzino komaliza kamalowa m'kabowo kaja, mpeni n'kuima nji. Potseka mumalowetsa chala mumphete n'kukoka kuti sipuling'i idzuke. Ndiye chitetezo chonse cha zala zanu chagona pa zinthu ziwiri basi, mphamvu yomwe sipuling'i ikukanikizira pansi ndi kutalika kwa kadzino kaja. Chimodzi chikangofooka, chomwe mwagwira m'manja ndi msampha.

Patebulo paja bambowa anautsegula okha, phokoso la msika lili m'kati, n'kuutseka, n'kuyamba kuukulunga m'pepala. Unkawala kuti mbee, mafuta ali noninoni. Nditapempha kuti ndiuyese anati ndisavutike, mpeni uliwonse amauyesa okha usanafike patebulo, ndipo uwu ukugwira bwino kuposa atsopano.

Loweruka lotsatira ndinkaboola zigubu za malita 20 zoti ndidzalemo mpiru kuseri kwa nyumba. Pulasitiki wamba, ntchito yoti mpeni uliwonse wa loko uigwire osadandaula. Ndinabaya ndi nsonga, ndinacheka pang'ono, ndipo pomwe ndimati ndiuzule, msana wa mpeni unakodwa m'pulasitiki muja. Mphete sindinaikhudze ngakhale pang'ono. Mpeni unangopindika wokha n'kutsikira pachala changa cha mkombaphala. Ndinali nditaunola usiku wake, ndipo amene munanolapo chitsulo cha kaboni cha mipeni imeneyi mukudziwa momwe chimalandirira mwala. Magazi anadzaza chikhatho n'kuyenderera mpaka pachigongono. Mwana wanga wamkazi, amene ankandigwirira chigubucho, anakuwa mpaka aneba kutuluka m'nyumba zawo. Manja ake anali pomwepo, abale anga, pafupi penipeni ndi mpeni, ndipo zimenezo ndi zomwe zimandisowetsa tulo kuposa bala langa. Kukiliniki anandisoka, namwino n'kunena kuti panatsala pang'ono kuti mtsempha woyendetsa chala uduke. Ine ntchito yanga ndi yoika matailosi. Chala chimenecho chikafa, banja lonse lagona ndi njala. Ndinakhala pakhomo osalandira kalikonse mpaka bala litapola, lendi ikudikira.

Ndili chikhalire pakhomopo ndi bandeji, ndinaupukuta mafuta n'kuuika padzuwa pambali pa Okapi wanga wa ku Isithebe womwe ndimadulira biltong. Kadzino ka watsopanowo kali ndi makona ake, kamadzaza kabowo konse moti mumakamva mukayendetsa chala pamwamba pa sipuling'i. Ka wa ku Germany uja kanali katadyedwa, kosalala, kozungulira, ndipo timano tonse tinali ndi mizere yatsopano ya makina. Wina anauika pagulayinda pofuna kuchotsa dzimbiri kuti uwale, n'kudya malo omwe sayenera kukhudzidwa. Sipuling'i nayo anaizula kuti apukute pansi pake, ndipo pobwezeretsa anaipinda. Siinkagona bwino pamtengo, mukausuzumira chammbali kuwala kumadutsa. Kamsomali koigwira kanali katsopano, koyera, kosiyana ndi zitsulo zina zonse za pachogwirira. Mphete ya wa ku Isithebe imafuna mphamvu ndithu kuti idzuke, koma iyi ndinkaidzutsa ndi kachala kakang'ono. Anzathu otolera mipeni amayeza kulimba kwa sipuling'i kuyambira 1 mpaka 10, Victorinox wamba n'kuuika pa 5. Uwu ngakhale pa 2 sunkafika.

Nditabwerera nawo, bambowa chala changa sanachiyang'ane n'komwe. Anayankha mokweza, makasitomala ena akumva, kuti mpeni wakale sagwirira ntchito, amauika m'kabati yagalasi, ndipo amene waboolera zigubu wadzifunira yekha. Mawu amenewa mpaka lero amandiwira mumtima. Okapi anaupangira alimi, abusa a ng'ombe ndi anthu a kumigodi, sanaupangire kabati. Ngakhale titavomera kuti ndi wa m'kabati, wotolera aliyense amadziwa kuti mpeni wodyedwa ndi makina komanso wosinthidwa msomali mtengo wake wagwa kale. Anandigulitsa chinthu chakufa pantchito, chakufanso pamtengo, nkhani ya agogo anga akuidziwa. Ndinachoka pamenepo thupi likunjenjemera.

Ndikanalemba tsiku limenelo ndikanati musadzapondeko. Chomwe chinayamba kundifewetsa ndi Douk-Douk uja, womwe ndinaugula mongowonjezera. Kampani ya Cognet ku Thiers m'dziko la France yakhala ikuupanga kuyambira 1929, ndipo ziwalo zake ndi 6 zokha: mpeni, chogwirira cha chitsulo chopyapyala chopindidwa pakati, sipuling'i yobisika m'kati mwake, kolowetsa chingwe ndi timisomali tiwiri. Loko ulibe. Koma sipuling'i yake ndi yaukali, ine ndingaiike pa 8. Ulibenso kamphako koikapo chikhadabo, mumachita kutsina msana wa mpeni ndi zala ziwiri n'kukoka mwamphamvu. Ukafika pakati umaima kaye, chifukwa tsinde lake ndi la makona, kenako umakagwera m'malo mwake kuti kha, mawu amodzi omveka chipinda chonse. Potseka umaimanso pakati pomwepo, kukupatsani mpata wochotsa zala. Ndaugwedeza uku ndi uku, sugwedera. Zigubu zotsala zija ndinamalizira ndi uwu, mtima uli m'malo, ndipo panopa ndimaukhulupirira kuposa mpeni wa loko yomwe sindikudziwa kuti yadutsa m'manja mwa yani. Chogwirira chake n'chopyapyala, si cha ntchito ya tsiku lonse, koma m'thumba simuumva kuti ulimo. Pa R650 sanandibere.

Kenako mnyamata amene amawathandiza patebulopo, wa kwathu ku Mangochi, ananditumizira uthenga pa WhatsApp. Anati, "Achimwene, bwerani Lamlungu m'mawa anthu asanachuluke, abwana mtima wagwa." Iye ndi amene anandifotokozera kuti mipeni yambiri imabwera m'mabokosi kuchokera kwa mabanja omwe akugulitsa katundu wa malemu, ndipo yadzimbiri amaipereka kwa munthu wina wapadera kuti aiwalitse. Mnyamatayu ndikumuthokoza, anachita zomwe abwana ake analephera.

Nditafika, bambowa anangotulutsa bokosi pansi pa tebulo n'kunena kuti ndisankhe. Kupepesa ayi, kufunsa za chala ayi. Komabe ndalama yowonjezera sanafune, ndipo ulendo uno anandisiya kuti nditsegule ndi kutseka ndekha mpeni uliwonse. Ndinatenga Okapi wina wa ku Germany wosapukutidwa, wakuda bii, wa madontho a dzimbiri, kanyenyezi kamodzi katagwa pachogwirira. Sipuling'i yake yagona gwa pamtengo, timano tikulira mokweza, mphete ikukana chala. Ndaukanikiza msana pathabwa, sukusuntha. Wowala uja anauponya m'dirowa, ndipo sananene kuti autaya. Mukadzaona Okapi wonyezimira wa kamsomali koyera pasipuling'i patebulo limenelo, usiyeni.

M'bokosi lomwelo munali Case wa mipeni iwiri, wa chogwirira cha fupa, wa ku Bradford ku Pennsylvania. Pansi pa chidindo chake pali timadontho 8. Case anayamba ndi timadontho 10 mu 1970 n'kumachotsa kamodzi chaka chilichonse, ndiye uwu ndi wa 1972, ndipo bambowa anawerenga molondola osawonjezera chaka ngakhale chimodzi. Mpeni umenewo ndi wopangidwa mwaluso. Mukautsegula kapena kuutseka, sipuling'i imabwerera n'kulingana ndendende ndi msana wa chogwirira, chala sichikodwa paliponse. Pakati pa sipuling'i ndi timapepala ta mkuwa ta m'mbali kuwala sikudutsa, ndipo mipeni yonse iwiri imagona pamalo pake osakhudzana. Kulimba kwake ndingati 6, kofewa poyamba, kolimba pomaliza. Apa ndi pomwe ndinaona kuti munthuyu mipeni amaidziwa bwino kwambiri, ndipo n'chifukwa chake zikundivuta kukhulupirira kuti wowala uja sanaudziwe vuto lake.

Ndikupereka nyenyezi zitatu. Katundu wabwino ali naye, wina simungamupeze kwina kulikonse mu Joni muno, ndipo mapeto ake anandibwezera zanga ngakhale mokakamizika. Mukapitako pemphani bokosi la pansi pa tebulo, la mipeni yosapukutidwa. Musalole kuti akutsegulireni, gwirani nokha, mverani kulira kwake, usuzumireni padzuwa, ndipo wa loko muukanikize msana pathabwa zala zili kutali. Akakana, bwezani ndalama m'thumba. Case uja tsiku limenelo ankautchula R2,200, koma fupa lake lang'aluka pang'ono pafupi ndi msomali wapakati ndipo iwo sakunena, choncho musavomere mtengo woyamba.