Khofi wa Mzuzu wogaya kale: amadzutsadi chilakolako cha ntchito, bola mudziwe muyezo

Pa zakumwa zonse zothamangitsa tulo zomwe zadzaza m'masitolo a ku Chichiri ndi ku Limbe, ife tingasankhe khofi wa Mzuzu. Ndi arabica wolimidwa ndi alimi ang'onoang'ono kumapiri a Misuku ndi Phoka, ndipo mukangong'amba paketi fungo lake limafika mpaka pabalaza. Ndi wodula kuposa khofi wongosungunula m'madzi, komanso amafuna sefa. Ubwino wake ngwakuti shuga mumathira nokha, pomwe kachitini ka 250 ml ka zakumwa zopatsa mphamvu zija kamakhala kale ndi masupuni ang'onoang'ono 6 kapena kuposerapo.

Kafeini, yemwe amapezeka mu khofi, ndi mankhwala enieni ogwira ntchito muubongo. Munthu akakhala m'maso, muubongo mumaunjikana adenosine, yemwe amapereka uthenga woti thupi latopa. Kafeini amakatseka malo omwe adenosine amamatirira, uthengawo sufika, ndipo dopamine, yemwe amatikankha kuti tiyambe ntchito, amagwira mosapingidwa. N'chifukwa chake lipoti lomwe mwakhala mukulizengereza chiyambire m'mawa limayamba kuoneka lotheka. Koma adenosine uja sanachoke. Kafeini akatha mphamvu, kutopa konse kumabwera nthawi imodzi.

Kakonzedwe: masupuni aakulu awiri, pafupifupi magalamu 10, pa kapu imodzi. Madzi akawira aphuleni, dikirani mphindi imodzi, thirani pa khofiyo, vundikirani mphindi 4, kenako sefani. Musamuwiritse pamoto ngati tiyi wa mkaka, amawawa ndipo fungo limathawa. Wotsala m'paketi musunge m'botolo lotseka bwino, kutali ndi mbaula ndi dzuwa.

Kapu yotere imakhala ndi kafeini pafupifupi 90 mg ndipo imayamba kumveka pakatha mphindi 20 mpaka 45. Munthu wamkulu wathanzi asapyole 400 mg patsiku, mayi woyembekezera asapyole 200 mg, kuwerengera ndi tiyi yemwe. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: pakatha maola 5, theka la kafeini limakhala likadali m'magazi. Wophunzira wa ku yunivesite ya MUBAS womwa kapu 6 koloko madzulo amakagona ndi theka lakelo 11 koloko, tulo sitimugwira bwino, mawa amafuna makapu awiri. Tikupemphani ndithu, kapu yomaliza izikhala isanakwane 2 koloko masana.

Mukamamwa tsiku lililonse thupi limazolowera, ndipo kapu yomwe inkakutakasani imangokufikitsani pomwe munali kale. Mukasiya mwadzidzidzi mutu umayamba kuwawa pakatha maola 12 mpaka 24, ndipo ungapitirire masiku angapo, choncho chepetsani theka la kapu masiku atatu alionse. Manja akamanjenjemera kapena mtima ukamathamanga, mwapyola muyezo wanu. Odwala BP, a vuto la mtima, a zilonda za m'mimba ndi omwe amavutika ndi nkhawa ayambe afunsa adokotala asanagule paketi.