Musagulitse malo chifukwa cha lonjezo la ejenti: zimene banja la dokotala linakumana nazo popita ku England

Chisamukireni ku England, mauthenga ambiri amene ndimalandira amachokera kwa akazi ndi amuna a madokotala achinyamata, ndipo pafupifupi onse amafuna kudziwa kuti tinadzera mwa ejenti uti wopezera anthu ntchito. Funso limeneli limandidetsa nkhawa, chifukwa ejenti ndi amene anadya thukuta lathu la zaka zambiri, pamene ntchito ya udokotala imene amuna anga akugwira lero anaipeza okha popanda kulipira munthu aliyense.

Amene sanakhalepo m'nyumba ya wophunzira udokotala amaganiza kuti mavuto amatha tsiku lovala gauni. Maphunzirowa amatenga zaka 6 mukawerengera chaka chokonzekera, kenako pamabwera miyezi 18 ya internship, yophunzirira ntchito pachipatala chachikulu. Nthawi yonseyi malipiro anga a uphunzitsi ndi amene ankalipira lendi, kugula ufa ndi makala, ndiponso kulipirira mwana wathu woyamba ku sukulu ya mkaka. Amuna anga akabwera kuchokera ku call, ntchito yochezera kuchipatala, ankagona pampando nsapato zili kuphazi, nsima n'kuzizira m'mbale, koma kumudzi ankangomva kuti m'banja mwalowa adokotala, ndipo mapempho a fizi ndi feteleza sankatha. Internship itatha ntchito yokhazikika sinapezeke msanga, ndipo m'pamene maganizo opita kunja anatilowa.

Mayeso okha ndi okwanira kugwetsa banja. Bungwe la GMC, limene limalembetsa madokotala ku Britain, limafuna 7.5 pa mayeso a Chingerezi a IELTS popanda gawo lotsika pa 7, ndipo zotsatira zake zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha. Kenako pali mayeso a udokotala otchedwa PLAB, amene ali ndi magawo awiri: PLAB 1 amakalembera kunja kwa Malawi, pamene PLAB 2 imachitikira ku Manchester, kutanthauza tikiti ya ndege, viza ya mlendo, malo ogona ndi chakudya, ndipo viza imeneyo sikulolani kugwira ntchito ina iliyonse. Zonsezi zimalipiridwa mu ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndalama zimene ndinasonkhanitsa ku banki m'khonde zinasungunuka usiku umodzi, ndipo mapaundi ankasowa moti tinkawagula pa mtengo wa m'misewu.

Ejenti anatipeza titatopa kale. Anali munthu wolankhula bwino, wodziwa mayina a mayeso onse, ndipo analonjeza kuti amuna anga akangokhoza PLAB 2 ntchito idzapezeka pasanathe miyezi itatu, pamodzi ndi nyumba komanso matikiti a banja lonse. Mtengo wake unali £3,500. Tinagulitsa malo amene tinagula kuti tidzamangepo nyumba, n'kumupatsa. Amuna anga atakhoza, panatulukira £600 ina imene ankati ndi ya mapepala, imene sinatchulidwepo poyamba. Kenako anafuna £800 ya chimene amachitcha clinical attachment, ndipo tinadzazindikira kuti kumeneko munthu amangoyenda pambuyo pa madokotala ena m'mawodi, kuonerera, osalandira ngakhale tambala. Titafunsa za ntchito ija, anationetsa mzere wa m'chikalata chimene tinasaina, wonena kuti iye adzathandiza kufunafuna ntchito, osati kuipeza. Posakhalitsa foni yake inasiya kuyankhidwa. Mapaundi 4,900 anapita choncho, ndalama imene mphunzitsi wa ku Malawi angaigwirire ntchito zaka zingapo osaiona.

Munthu mmodzi yekha anatiuza zoona, mayi wina wogwira ntchito pa kampani yolemba anthu a zaumoyo. Atangomva kuti ndife a ku Malawi ananena mosabisa kuti sangatenge dzina la amuna anga, chifukwa dziko lathu lili pa mndandanda wa mayiko 55 umene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mu 2023, mayiko amene ali ndi anthu a zaumoyo ochepa kwambiri, ndipo malamulo a kalembedwe ka ntchito ku Britain salola makampani kukakopa anthu kumeneko. Dokotala wa ku Malawi amaloledwa kufunsira yekha ntchito imene yalengezedwa, basi. Anatiuzanso kuti lamulo la kuno la 1973 limaletsa ejenti kulipiritsa munthu wofuna ntchito pomupezera ntchitoyo. Mayiyu anakhala pa foni nthawi yaitali akukonza CV ya amuna anga, ndipo titafuna kumuthokoza ndi kangachepe anakana. Choncho aliyense amene akukuuzani kuti ali ndi malo a madokotala a ku Malawi, ndipo akufuna ndalama patsogolo, mwina akunama kapena akuphwanya lamulo, ndipo njira zonse ziwiri wolira mudzakhala inu.

Ntchito inadzapezeka patapita miyezi yambiri ya kufunsira ndi kukanidwa, ndipo inali ya kontrakiti ya chaka chimodzi, pa udindo wotsika kuposa umene anali nawo kwathu. Viza ya ogwira ntchito zaumoyo ili ndi ubwino wake, chifukwa simulipira msonkho wa zachipatala umene ena amalipira, ndipo ana amaphunzira ulere m'sukulu za boma. Koma ngati olemba ntchito sanavomere kukuimirirani, muyenera kuonetsa £1,270 imene yakhala ku banki masiku 28, kuwonjezerapo £285 ya mkazi kapena mwamuna, £315 ya mwana woyamba ndi £200 ya mwana wina aliyense. Titafika, mwini nyumba anafuna dipoziti yofanana ndi lendi ya masabata asanu pamwamba pa lendi ya £1,100 pamwezi. Palibe amene anatichenjeza za council tax, msonkho umene wokhala m'nyumba amalipira ngakhale nyumbayo ndi ya lendi, kapena za bilu ya gasi m'nyengo yozizira.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi nkhani ya ana. Kuno kulibe azakhali, kulibe agogo, kulibe mtsikana wantchito, ndipo kusiya ana aang'ono okha m'nyumba kungakubweretsereni a boma pakhomo. Malo osungira ana anatiuza £65 patsiku, ndipo popeza viza yathu imaletsa kulandira thandizo la boma, thandizo lalikulu limene makolo ogwira ntchito amapatsidwa silinatikhudze. Satifiketi yanga ya uphunzitsi sinandilowetse m'kalasi. Ndimapanga mashifiti a usiku m'sitolo, ndipo pali masabata amene ine ndi bambo a ana timangopatsirana makiyi pakhomo, wina akulowa wina akutuluka.

Abale anga, lekani kuchulukitsa malipiro a kuno ndi mtengo wa kwacha n'kuyamba kujambula nyumba yosanja m'mutu. Kukhoza PLAB si kupeza ntchito, ndipo amene akhoza n'kukhala opanda ntchito ndi ambiri. Mu 2025 boma la Britain linalengeza kuti pa malo a maphunziro a ukatswiri lidzaika patsogolo madokotala ophunzira m'dziko lomweli, choncho khomo likunka licheperachepera. Musagulitse malo, musatenge katapila, ndipo amene muli pantchito kwanu musaisiye mnzanuyo asanagwire m'manja kalata ya ntchito ndi certificate of sponsorship, chikalata cha olemba ntchito chofunsirira viza. Ngati kontrakiti ndi ya chaka chimodzi, apite yekha kaye, ana apitirize sukulu kumene ali, ndipo mudzalankhule zosamuka akadzasaina yachiwiri.