Chimbale, fulashi kapena intaneti: masewero akale a nthabwala muziwaonera pati?

Okonda masewero akale a pa kanema amafunsa kawirikawiri kuti Mr. Bean, Mind Your Language, The Fresh Prince of Bel-Air ndi anzake aja angawapeze kuti. Kupeza sewerolo sikuvuta masiku ano. Chimene chimavuta ndi kulipeza lathunthu monga analikonzera eni ake, losadulidwa kumutu ndi kumiyendo, nyimbo zake zili zomwezo, zigawo zake zonse zilipo. Njira zimene anthu amagwiritsa ntchito ndi zinayi: kulipira mwezi ndi mwezi ku makampani oonetsa mafilimu pa intaneti monga Netflix, kufufuza pa YouTube, kukaikitsa pa fulashi kwa anyamata oberna, ndi kugula zimbale za DVD zenizeni.

Ku Malawi TVM inayamba mu 1999, pamene ambiri mwa masewerowa anali atatha kale kwawo. Ambiri anayamba kuwaona pa matepi otha ndi m'mavidiyo sho, ndipo diso linazolowera kukhululukira chithunzi choipa. N'chifukwa chake munthu akaona chithunzi chowala chodzaza kanema yense amangoti zili bwino, osadziwa kuti mbali ina ya sewerolo yachotsedwa.

Tiyambe ndi zimenezo, chifukwa ndiye vuto lalikulu la njira yolipira pa intaneti. Masewero a zaka za m'ma 1970, 1980 ndi 1990 anajambulidwa kuti aoneke pa kanema wachimbuyo uja, amene chithunzi chake chinali cha 4:3, chotsala pang'ono kufanana mbali zonse. Makanema a lero ndi a 16:9, otambalala. Sewero la 4:3 likaikidwa pa kanema wa lero mosalisokoneza, kumanja ndi kumanzere kumatsala mizere yakuda. Mizere imeneyi anthu ambiri amadana nayo, amaganiza kuti kanema wawo wawonongeka, koma ndiyo umboni woti mukuona chithunzi chonse. Makampani ena, pofuna kuti chithunzi chidzaze kanema, amachikulitsa kenako n'kudula kumwamba ndi kumunsi. Chithunzi cha 4:3 chikadulidwa chotero, gawo limodzi mwa magawo anayi limatayika.

Izi si nkhambakamwa. Seinfeld itafika pa Netflix mu Okutobala 2021 inali ya 16:9, ndipo m'gawo lotchedwa The Pothole muli malo amene George akuloza dzenje la pamsewu, dzenjelo osaoneka chifukwa linali kumunsi kumene kunadulidwa. Gawo lonse linatchedwa dzina la dzenje limenelo. The Simpsons itaikidwa pa Disney+ mu 2019 zinachitikanso: pa chithunzi cha kufakitale ya mowa wa Duff, nthabwala yake inali yoti mitundu itatu ya mowa ikutuluka m'paipi imodzi, koma paipiyo inali kumwamba ndipo inadulidwa. Anthu atadandaula, kampaniyo inabwezeretsa mwayi woonera pa 4:3 mu 2020. Nthabwala za m'masewero awa zambiri zili m'thupi: phazi limene likupondereza chinthu pansi, dzanja limene likubisa kanthu kuseri kwa tebulo, nkhope ya munthu amene waima kumbuyo. Wojambula anaika chilichonse pamalo pake podziwa kukula kwa chithunzi. Ukadula, umamva anthu akuseka m'sewero koma chimene akusekacho sukuchiona. Zimawawa kwambiri kulipira ndalama mwezi uliwonse n'kulandira sewero lopunguka, popanda wina kukuuza.

Pali chinthu china chofunika kuchidziwa musanakopeke ndi mawu akuti HD. Masewero ena anajambulidwa pa filimu ya 35mm, ena pa tepi ya vidiyo. Friends ndi Seinfeld anali a filimu, ndipo filimu imasunga zambiri moti ikatsukidwanso chithunzi chimatuluka chowaladi. The Fresh Prince of Bel-Air inajambulidwa pa tepi, monganso zochitika za m'nyumba mu Fawlty Towers. Tepi ili ndi malire: ya ku Britain inali ndi mizere 576 yooneka, ya ku America pafupifupi 480, ndipo palibe makina amene angabwezeretse zimene kamera sinajambule. Wina akakuuzani kuti ali ndi Fresh Prince ya HD, dziwani kuti angoikulitsa chabe. Mudzalipira data yambiri pa chithunzi chomwecho.

Data ndiyo ndalama yobisika ya njira imeneyi. Mtengo wa pamwezi umaoneka poyera, koma bandulo saiwerengera. Malinga ndi ziwerengero za Netflix, ola limodzi limadya pafupifupi 0.3 GB chithunzi chikakhala chotsika, 0.7 GB chikakhala chapakati, ndipo limafika 3 GB pa HD. Friends ili ndi zigawo 236 za mphindi pafupifupi 22, amene ndi maola oposa 86. Pa chithunzi chapakati ndi 60 GB, pa HD mukudutsa 250 GB. Fresh Prince, ya zigawo 148, imafuna pafupifupi 40 GB pa chapakati. Ndipo masewero a nthabwala saonedwa kamodzi. Ana akakonda gawo lina amalibwereza kasanu, ndipo ngati simunalitsitse mu foni, ulendo uliwonse bandulo ikutha. Amene mwasankha njirayi lowani m'makonzedwe a akaunti, ikani chithunzi pa Low kapena Medium, ndipo muzitsitsa zigawo pamene muli pa Wi-Fi kapena pa bandulo ya usiku.

Onjezani kuti simuli mwini wa chilichonse. Mndandanda wa masewero umasiyana dziko ndi dziko, moti zimene m'bale wanu akuona ku Leeds sizingapezeke ku Lilongwe kapena ku Chipata, ndipo mgwirizano wa kampani ndi eni sewero ukatha, sewero limachotsedwa ngakhale muli pakati. BBC iPlayer ndi ya okhala ku Britain okha. Gawo la Fawlty Towers lotchedwa The Germans linachotsedwa kwa kanthawi pa UKTV, kampani ya kanema ya ku Britain, mu Juni 2020 chifukwa cha mawu onyoza mitundu ya anthu, kenako linabwezedwa ndi chenjezo. Sewerolo lili ndi zigawo 12 zokha, ndiye chimodzi chikasowa chimaoneka. Ubwino wa njirayi ulipo ndithu: mawu olembedwa pansi amakhala olondola, ndipo palibe chimbale chokandika.

YouTube ndi yabwino pa chinthu chimodzi. Mr. Bean ali ndi tsamba lake lovomerezeka, ndipo popeza Rowan Atkinson salankhula zambiri m'zigawo 15 zimene zinapangidwa pakati pa 1990 ndi 1995, ngakhale chithunzi chotsika pa foni chimakwanira. Kupitirira apo ndi mwayi chabe. Anthu oika masewero popanda chilolezo amatembenuza chithunzi ngati cha pagalasi, amachikulitsa, kapena amakweza mawu kuti makina a YouTube asachizindikire. Mukaona zolembedwa pakhoma zikuwerengeka chobwerera, kapena mawu a mwamuna wamkulu akumveka ngati a mwana, tsekani.

Fulashi ndiyo yotsika mtengo kuposa zonse, ndipo sidalira netiweki. Tinene poyera kuti zambiri zimene zimaikidwa kumeneko zilibe chilolezo cha eni ake. Pa ntchito yake, mavuto ake ndi odziwika. Woberna amakupatsani zimene iye anapeza, ndipo nthawi zambiri sanazione: zigawo zosokonezeka ndondomeko, gawo limodzi kawiri, lina lomasuliridwa m'chilankhulo china, lina lojambulidwa pa wailesi ya kanema chizindikiro chili pakona. Musachoke pamalopo musanawerenge mafailo. Sizoni ya sewero la ku America nthawi zambiri imakhala ndi zigawo 22 mpaka 25, ya ku Britain zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziwiri, nthawi zina kuposerapo. Tsegulani gawo loyamba, lapakati ndi lomaliza, ndipo gawo lililonse mulidumphire chakumapeto kuti muone ngati mawu ndi milomo zikuyenderabe limodzi.

Kenako pali zoti kanema wanu akane fulashiyo. Makanema ambiri akale amawerenga fulashi yokhayo yokonzedwa m'njira yotchedwa FAT32, ndipo FAT32 silandira failo yoposa 4 GB. Gawo limodzi la sewero silifika pamenepo, koma woberna akaphatikiza sizoni yonse kukhala failo imodzi, imakanika. Chithunzi chikakana kutuluka mawu akumveka, kawirikawiri failo ndi ya mtundu wa vidiyo wa H.265, imene makanema ambiri akale saidziwa. Pemphani ya H.264 mu MP4. Chithunzi chikatuluka popanda mawu, vuto ndi mawu a mtundu wa DTS kapena AC3, ndipo ofunika ndi AAC kapena MP3. Chenjeraninso ndi fulashi zabodza. Imalembedwa 64 GB pamene mkati mwake muli 8 GB, imalandira mafailo onse osadandaula, koma odutsa malire enieniwo amawonongeka ndipo mudzaziona mutafika kale kunyumba. Pulogalamu yaulere ya H2testw imadzaza fulashi yonse n'kuiwerenganso, ndipo imaulula kukula kwake kwenikweni.

Zimbale zoberna zija zolembedwa kuti masizoni asanu m'chimbale chimodzi n'zosafunika kuzitchula motalika. DVD ya 4.7 GB imanyamula bwino maola awiri, ndipo sizoni imodzi ya zigawo 24 ndi maola pafupifupi 9. Mukatembenuza chimbale n'kuona kuti kunsi kwake ndi kofiirira kapena kwabuluu, ndi choberna. Chochokera kufakitale chimakhala chasiliva.

Tsopano DVD zenizeni, zimene mtima wanga uli nazo. Pa masewero a 4:3 zimakupatsani chithunzi monga chinaulutsidwira, ndipo poti ambiri anali a tepi, DVD imanyamula pafupifupi zonse zimene zinalipo. Mumalipira kamodzi. Pa Friends pali phindu lina: ma DVD ali ndi zigawo zotalikirapo, zokhala ndi nthabwala zimene zinadulidwa poulutsa, pamene Blu-ray ndi za pa intaneti zili ndi zigawo zazifupi zija. Ku Britain mabokosi a masewerowa amapezeka motchipa m'masitolo a zinthu zakale, ndipo m'bale amene akubwera kumudzi angawanyamule mosavuta akachotsa zimbale m'mabokosi n'kuziika m'kachikwama ka zimbale.

Musanatume munthu, onani kuseri kwa bokosi nambala ya Region, yosonyeza chigawo cha dziko lapansi chimene chimbalecho anachipangira. America ndi Canada ndi Region 1. Britain, mbali yaikulu ya Ulaya ndi South Africa ndi Region 2. Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe ali mu Region 5. Makina otsekeredwa chigawo chimodzi amakana chimbale cha chigawo china ngakhale chili chatsopano. Makina ambiri otchipa amene amagulitsidwa m'misika yathu amawerenga zigawo zonse, koma tengani chimbale mukayese musanalipire. Pa kompyuta samalani: diraivi imalola kusintha chigawo kasanu kokha, kenako imakhazikika pa chomaliza. Chinanso, masewero a ku America ojambulidwa pa filimu akaikidwa pa chimbale cha PAL, mtundu wa ku Britain ndi South Africa, amathamanga pang'ono, zithunzi 25 pa sekondi m'malo mwa 24, moti gawo la mphindi 22 limatha pa 21 ndipo mawu amakwera pang'ono. Palibe chimene chadulidwa, ndipo ambiri sazindikira n'komwe.

Chilema chenicheni cha DVD ndi nyimbo. Chilolezo chimene opanga sewero anagula kale chinali choulutsira pa wailesi ya kanema, osati chogulitsira pa chimbale, ndiye eni nyimbo akatchula mtengo wokwera, kampani imasintha nyimboyo kapena kudula malo onsewo. Married... with Children inataya nyimbo yake yoyambira ya Frank Sinatra pa ma DVD a Sony kuyambira sizoni yachitatu. Only Fools and Horses nayo ili ndi malo odulidwa pa chifukwa chomwecho. Vuto limeneli nthawi zina limatsatira sewero ngakhale pa intaneti, choncho si chifukwa chothawira chimbale.

Mwa njira zinayizi, pa Fawlty Towers, Only Fools and Horses, Fresh Prince, Seinfeld ndi Friends gulani DVD zenizeni, za Region 2 ngati zikuchokera ku Britain kapena Johannesburg. Mr. Bean muoneni pa tsamba lake la YouTube. Kulipira mwezi ndi mwezi kuli ndi nzeru kwa amene ali ndi intaneti yopanda malire m'nyumba, koma ayambe waona ngati sewero limene akulifuna lilipo m'dziko lake ndiponso ngati lili ndi mizere yakuda m'mbali. Pa Mind Your Language, bokosi lodziwika lili ndi masizoni atatu a 1977 mpaka 1979, zigawo 29, Barry Evans akusewera mphunzitsi Mr. Brown. Sizoni yachinayi ya zigawo 13 inapangidwa pakati pa zaka za m'ma 1980 ndi kampani ina ndipo imasowa kwambiri, choncho wina akakulonjezani zigawo 42 zonse, muwerengeretu pamaso pake.

Mukalumikiza makina a DVD ku kanema, gwiritsani chingwe cha HDMI ngati pali polowetsa, osati chachikasu chija. M'makina a DVD ikani TV Type pa 16:9, ndipo pa kanema lowani pa Aspect Ratio musankhe 4:3 kapena Original, osati Zoom kapena Wide. Mukaona mitu ya anthu yaphwanthalala ndi mawilo a galimoto ali ngati mazira, chithunzi chatambasulidwa, bwererani mukonze. Chimbale chikamadumpha, chipukuteni ndi nsalu yofewa kuchokera pakati kupita kunja, osati mozungulira, chifukwa kukanda kotsatira mzere wa chimbale ndiko kumene makina amalephera kukonza.