Ndemanga: CD ya Trio in Tokyo ya Michel Petrucciani

Chimbale cha jazi chimenechi, cha woyimba piyano Michel Petrucciani ndi anzake awiri, anachijambula pamaso pa anthu mu Novembala 1997 ku kalabu ya Blue Note mumzinda wa Tokyo, ndipo kampani ya Dreyfus Jazz inachitulutsa mu 1999, chaka chomwe mwini wake anatisiya. Ndinachigula pa intaneti, ndipo chifikireni sichinatulukemo m'galimoto mwanga.

Anthu akamakamba za Petrucciani amayambira pa thupi lake. Anabadwira ku Orange, kummwera kwa France, mu 1962, ali ndi matenda ochititsa mafupa kuthyoka msanga. Msinkhu wake unali pafupifupi mita imodzi, moti mapedo a piyano ankawaponda kudzera pa kachipangizo kochita kumupangira. Zonsezi n'zoona, koma chimbalechi sichogula chifukwa cha chisoni ayi. Muno muli katswiri yemwe anayimbapo ndi Charles Lloyd, Wayne Shorter ndi Jim Hall, ndipo nyimbo zambiri ndi zopeka yekha.

Yomwe imandigwira mtima kwambiri ndi Home. Imayamba mofatsa, dzanja lamanja likungoyala nyimbo pang'onopang'ono ngati munthu akukusimbira nkhani chapansipansi. Kenako moto umayamba kukolera, liwiro n'kukwera, zala n'kumathamanga, koma palibe mawu ngakhale amodzi omezeka. Kulikonse komwe wagunda kumamveka bwinobwino. Ndimaibwereza kawirikawiri pongofuna kumva pomwe imasinthira, ndipo nthawi zonse ndimazindikira itasintha kale. Cantabile nayo imakakamira m'mutu, umapezeka ukuing'ung'udza uli pamzere kubanki.

Anzake awiriwo si operekeza chabe. Steve Gadd pa ng'oma sachita phuma, amadziwa podikira ndi pokankha. Anthony Jackson amayimba gitala ya besi yamagetsi ya zingwe zisanu ndi chimodzi, ndipo apa ndichenjezeretu: amene anazolowera jazi ya besi yaikulu yamatabwa ija mwina aona ngati mawu ake ndi olemera mopitirira. Kwa ine akukwanira ndithu, chifukwa dzanja la Petrucciani n'lamphamvu ndipo limafuna pokhazikika polimba. So What ya Miles Davis anaiyimba bwino, komabe sindiikonda ngati zomwe Petrucciani anapeka yekha.

Mawu anajambulidwa moyera, ndipo m'manja mwa anthu mumamveka popanda kuphimba zoyimbira. Mukamamvera pa sipika ya foni besi yonse itayika, choncho pezani mahedifoni abwino kapena wailesi ya masipika akuluakulu. Dandaulo langa lili kwa wogulitsa: anatumiza CD mu envulopu yopyapyala, kabokosi kake n'kufika kosweka pakona. Mwamwayi CD yeniyeniyo inalibe chokala chilichonse.

Petrucciani anamwalira ku New York pa 6 Januwale 1999 ali ndi zaka 36, patangopita chaka ndi miyezi iwiri chijambulireni nyimbozi, ndipo anaikidwa kumanda a Père Lachaise ku Paris, pafupi ndi manda a Chopin, katswiri wakale wopeka nyimbo za piyano. Ngati simunamumvepo, yambirani pano, kenako mufunefune chimbale chake china cha Power of Three, chojambulidwa ku Montreux mu 1986. Ndikupereka nyenyezi zisanu kwa oyimba, ziwiri kwa wotumiza katunduyo.