Boyila yathu patatha miyezi 14

Alamu anga a ku Leeds anandiimbira Lamlungu kufunsa ngati agule boyila (makina a gasi otenthetsa madzi ndi kufunditsa nyumba) yonga yathu, poti yawo yayamba kulira ngati ketulo. Ndinawapempha kuti adikire ndichite kulemba, chifukwa pafoni ndikanangopsa mtima osalongosola kanthu.

Tinaiyika mu Novembala 2022 m'nyumba yathu kuno ku Nottingham, ku England, pamtengo wa £2,400 kuphatikizapo ntchito. Ndi ya mtundu wa combi, yopanda thanki, imatenthetsa madzi pomwe mwatsegula mpopi. Pamenepo sindidandaula. Madzi osamba amabwera otentha msanga, siisokosa, ndipo gasi tikugwiritsa ntchito wocheperako kusiyana ndi nthawi ya yakale ija. M'chisanu choopsa cha Disembala 2022 paipi ya pulasitiki yotayira madzi panja inaundana, tinathirapo madzi ofunda, osati owira, nkhani n'kutha.

Chimene chinandisowetsa mtendere ndi pulesha. Kutsogolo kwa boyila kuli kawotchi, ndipo ikakhala yozizira kamuvi kake kamayenera kukhala pakati pa 1 ndi 1.5 bar (muyezo wa pulesha ya madzi). Kuyambira Okutobala 2023, tikayatsa kuti nyumba ifunde kamuvi kankakwera mpaka kuyandikira 3. Kukacha n'kukapeza kagwa pansi pa 0.5, boyila yazima yokha. Ine ndimagwira usiku kosamalira okalamba. Kufika pakhomo 8 koloko m'mawa, ana ali njenjenje m'majekete, madzi osamba ngati a mufiliji, zinkandipweteka mumtima.

Bambo amene anatigulitsa ndi kutiikira anangoti, "Mayi, tsegulani timipopi tapansipo muwonjezere madzi, mutulutsenso mpweya m'maradiyeta," kutanthauza zitsulo zodutsamo madzi otentha zofunditsa zipinda. Ndinachita. Patatha masiku anayi, zomwezo. Ndinawonjezera madzi mwina kakhumi, osadziwa kuti madzi atsopano amachepetsa mphamvu ya mankhwala oletsa dzimbiri amene amathiridwa m'mapaipi. Kenako foni yawo inayamba kungoitana.

Amene anaona chizindikiro ndi bambo a kunyumba kuno. Potaya zinyalala anapeza kapaipi ka kopa kotulukira kukhoma lakuseri kakudontha, pansi pake panyowa. Tinaitana katswiri wina, ndipo ndisanamulowetse ndinaona khadi lake la Gas Safe, poti kuno lamulo sililola munthu wosalembetsedwa kugwira ntchito ya gasi. Iyeyu anandifotokozera modekha. Mkati mwa boyila muli kathanki kotchedwa expansion vessel, kogawidwa pakati ndi labala, mbali ina madzi, mbali ina mpweya. Madzi akatentha amafufuma, ndipo mpweyawo ndi umene umawapatsa malo. Mwathu mpweya unali utatha, choncho pulesha ikafika pa 3 bar valavu yoteteza inkatseguka n'kutayira madzi panja. Valavuyo itatseguka kambirimbiri inalowa zinyalala, siinkatsekanso bwino. Anapopa kathankiko ndi pampu yonga ya njinga, n'kusintha valavu. Ola limodzi basi. Miyezi iwiri tikuzizidwa chifukwa cha ntchito ya ola limodzi!

Tsiku limenelo ndinaikondanso boyila yanga. Mawa lake ndinaimbira kampani yoipanga kuti indibwezere £210 imene ndinalipira, poti tinalonjezedwa waranti ya zaka zambiri. Anafufuza nambala yake, n'kundiuza kuti siinalembetsedwe m'masiku 30 oyamba monga amafunira. Nditatsegula buku la boyila ndinapeza masamba a Benchmark akumapeto, amene woika amayenera kudzaza ndi kusaina, ali mbee. Bambo otiikira aja anatiuza kuti zamapepala zonse asamala okha, ifenso tinawakhulupirira chifukwa amene anatilozera kwa iwo ndi anthu a kutchalitchi.

Ndiye alamu, mukandifunsa za makinawo, ndi abwino, ndipo chikonzereni sanazimepo ngakhale kamodzi. Koma ndikakumbukira ndalama, mtima umabwerera. Mtengo wa bambowa unali wotsika ndi £300 poyerekeza ndi ena awiri amene tinawafunsa, ndipo ndalamayo yatha kale m'kukonzetsa ndi magetsi a kahita kamene tinkayatsa kuchipinda kwa ana. Musapereke ndalama yomaliza musanaone masamba aja atadzazidwa ndi imelo yotsimikiza waranti, ndipo sevisi ya chaka ndi chaka musaidumphe, poti waranti imadaliranso pamenepo.

Nditawalembera kalata bambo aja anavomera kubweza £210 yonse. Atumiza £100 sabata yatha, yotsalayo akuti kumapeto kwa Febuluwale.