Ndemanga: Kampani Yoika Masiginecha Akale a Osewera m'Makhadi

Ife amene timasonkhanitsa masiginecha a akatswiri akale a masewera timasunga zinthu zosakopa m'maso. Siginecha ya munthu amene anagwedeza dziko imapezeka pa kapepala wamba, pa cheke chakale cha kubanki, kapena pa tsamba long'ambidwa m'kabuku, ndipo mlendo akaiona amangoti ndi chinyalala. N'chifukwa chake ndinayesa kampani ina yaing'ono ya pa intaneti imene imalandira mapepala oterewa, kudula mbali yokhala ndi siginecha, n'kuiika m'khadi lopangidwa mwapadera, lokhala ndi chithunzi cha wosewerayo kutsogolo ndi mbiri yake kumbuyo. Ndinawatumizira masiginecha awiri a osewera mpira wamiyendo a ku England, Stanley Matthews ndi Bobby Moore.

Pa luso la manja, anthuwa ntchito amaidziwa. Makhadi anabwera pa muyezo weniweni, mainchi 2.5 m'lifupi ndi 3.5 m'litali, umene kampani ya Topps, yopanga makhadi a osewera, inayamba kutsatira mu 1957 ndipo makhadi ambiri akutsatirabe lero. Khadi lililonse lili ndi magawo atatu a katoni omatidwa pamodzi, ndipo kapepala ka siginecha kali pakati, kakuonekera pa kazenera kodulidwa mwaukhondo. Limeneli ndi khadi lochindikala, choncho timapulasitiki tosungira makhadi wamba sitikwana, ndipo wogula ayenera kupezeratu zosungira za makhadi ochindikala. Ndinakondwanso kuti nkhope ya khadi si yonyezimira, pakuti chithunzi chakale chikapakidwa zonyezimiritsa chimasemphana ndi inki ya zaka makumi angapo imene ili pambali pake. Anandilembera kuti katoni ndi zomatira zawo zilibe asidi, ndipo imeneyi si nkhani yaing'ono, chifukwa asidi ndiye amasandutsa pepala lachikasu n'kulifumbutsa.

Pa mbiri ya osewera ndi pamene anaterereka. Chitsanzo choyamba cha khadi la Matthews chinanena kuti anapambana chikho cha FA mu 1953 ali ku Stoke City, pamene aliyense wodziwa mbiri yake akudziwa kuti tsiku limenelo anali ku Blackpool, imene inagonjetsa Bolton Wanderers ndi zigoli 4 kwa 3. Ku Stoke anayambira ntchito yake, ndipo anabwererako mu 1961 n'kusewera mpaka 1965 ali ndi zaka 50. Ubwino wake ndi wakuti amatumiza chitsanzo asanasindikize, ndipo nditawaonetsa anakonza mopanda kunyinyirika. Komabe wogula amene sawerenga kumbuyo kwa khadi mosamala akhoza kulandira bodza losindikizidwa mokongola. Khadi la Moore, kapiteni wa England pamene inatenga chikho cha dziko lonse mu 1966, linalibe cholakwika pa mawu, koma mpeni wawo unadutsa pafupi kwambiri ndi mchira wa chilembo chomaliza, moti ndikaliyang'ana mtima umandipwetekabe. Zizindikiro za matimu amakana kusindikiza, chifukwa zili ndi eni ake mwalamulo, ndipo pamenepo sindikuwadandaula.

Nkhawa yanga yaikulu ndi yakuti kampaniyi siyesa ngati siginecha ndi yeniyeni. Amanenadi zimenezi, koma m'tizilembo ting'onoting'ono tam'munsi mwa fomu, pamene khadi lomalizidwa limaoneka ngati lachokera ku kampani yaikulu, ndipo munthu wosadziwa angaligule poganiza kuti linayesedwa kale. Akathyali pa malonda amenewa alipo ambiri. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, apolisi a FBI ku America anachita kafukufuku wotchedwa Operation Bullpen, amene anavumbula gulu lolemba masiginecha abodza a akatswiri a masewera a baseball ngati Babe Ruth ndi Mickey Mantle. Palinso masiginecha amene analembedwa ndi ogwira ntchito m'zipinda zovalira za matimu kapena alembi, m'malo mwa wosewera mwini wake. Woyesa siginecha sayang'ana kalembedwe kokha. Amayang'ananso pepala lonse, deti, ndi cholembera. Babe Ruth anamwalira mu 1948, pamene cholembera cha Sharpie chinatuluka mu 1964, choncho dzina lake lolembedwa ndi inki imeneyo silifuna katswiri kuti alikane. Tsono pepala likadulidwa, umboni wambiri woterewu umapita ndi zidutswa zotayidwa. Ine ndinayamba ndatumiza masiginecha anga kwa oyesa, monga makampani a PSA, JSA ndi Beckett amene amagwira ntchito imeneyi, ndipo ndinajambula mapepala onse asanadulidwe. Ndikanakonda kampaniyi ikanafuna zimenezi kwa wogula aliyense, kapena ikanabweza zidutswazo m'envelopu popanda kupemphedwa, pakuti ine ndinachita kuumirira.

Katundu anachedwa pang'ono kuposa mmene analonjezera, koma anafika atakutidwa bwino, popanda kona yopindika.

Ndidzabwereranso kwa iwo ndi timapepala timene tilibe china chilichonse koma dzina, chifukwa kapepala kotero sikataya kanthu kakadulidwa, ndipo khadi limakapatsa ulemu. Makhadi awiriwa ndawasunga m'kabati kutali ndi dzuwa, popeza inki yakale imasuluka msanga ikamawalidwa. Ndilinso ndi kalata yathunthu ya wankhonya wina wakale, yokhala ndi deti ndi mawu a dzanja lake, ndipo nditawafunsa anati akhoza kuidula bwinobwino, koma ndinaibweza m'envelopu yake ndipo sindidzaitumiza.