Njerewere: mankhwala a ku famase, kuumitsa kwa dokotala, kapena kungozisiya?

Ambirife kuno ku Johannesburg timadyera manja: kuchapa, kumeta, kusamalira magadeni, kuphika. Njerewere ikamera pachala imakodwa paliponse n'kumatuluka magazi, ndiye munthu amafuna ichoke lero lomwe. Imabwera ndi kachilombo ka HPV kamene kamalowera pakhungu pochekeka kapena posupuka. Timadontho takuda tapakati paja si mizu ayi, ndi timitsempha ta magazi touma. N'chifukwa chake lezala ndikuikaniratu, abale anga. Mukadula, kachilombo kamatsala m'khungu, ndipo mumakafalitsira ku zala zina. Utomoni wa nkhadze umene ena amapaka panjerewere nawo umaotcha khungu labwino, ndipo ukalowa m'maso umavulaza koopsa.

Njira imene ndimaikonda ndi mankhwala opaka a salicylic acid. Amapezeka ku Clicks, ku Dis-Chem ndi m'mafamase ena popanda kalata ya dokotala. Madzulo viikani chalacho m'madzi ofunda kwa mphindi 5, chipukuteni, palani pang'ono khungu loyera lakufa ndi kopalira zikhadabo, pakani Vaseline mozungulira kuti khungu labwino lisapse, kenako donthezani mankhwalawo panjerewere penipenipo. Kopalirako kakhale kanu nokha, ndipo kasakhudze pena. Sizipweteka kwenikweni, botolo limodzi limakufikitsani patali. Vuto lake ndi limodzi: muyenera kupaka tsiku lililonse, nthawi zina mpaka masabata 12. Munthu wakwera takisi ku Bree mdima utagwa, wafika kunyumba ali wefuwefu, n'zosavuta kungogona. Ambiri amene amati mankhwalawa sagwira ntchito anasiyira panjira. Ikani botolo pafupi ndi mswachi kuti musaiwale.

Kuumitsa kumachitika kwa dokotala. Amathirapo liquid nitrogen, mpweya wosandutsidwa madzi, wozizira mpaka madigiri 196 pansi pa ziro. Zimatenga kanthawi kochepa, koma zimaluma, pamatuluka thuza, ndipo kawirikawiri mumabwererako pakatha masabata awiri kapena atatu. Kwa dokotala wapulaiveti ulendo uliwonse ndi ndalama, kuwonjezera pa tsiku la ganyu limene lapita. Chinanso chimene ife akhungu lakuda tiyenera kufunsa tisanavomere: kuumitsa kumatha kusiya banga loyera kapena lodera lomwe limachedwa kutha. Panjerewere za m'manja zokanika njirayi imathandizadi, koma za kuphazi siiposa kwenikweni mankhwala opaka. Timabotolo togula toumitsira njerewere kunyumba sitizizira ngati nitrogen, ndiye musatidalire kwambiri.

Kungozisiya nayonso ndi njira, makamaka kwa ana. Pafupifupi njerewere ziwiri mwa zitatu zilizonse za ana zimatha zokha pasanathe zaka ziwiri. Ngati sizikupweteka, musamuzunze mwana ndi kuumitsa. Ingomuletsani kuzitokosa ndi kuluma zikhadabo. Kwa akuluakulu zimakhalitsa.

Ine ndinganene kuti yambani ndi mankhwala opaka, muwapatse miyezi itatu yathunthu, zikakanika m'pamene mupite kokaumitsa. Koma ngati muli ndi shuga, musapake asidi ameneyu kuphazi musanaonane ndi anamwino, chifukwa chilonda chake chimavuta kupola. Zakumaso ndi zakumaliseche musazipake mankhwalawa m'pang'ono pomwe, pitani kuchipatala. Chimodzimodzi chotupa chimene chikusintha mtundu kapena kutuluka magazi chokha. Njerewere zikachuluka mwadzidzidzi n'kumabwerera, mwina chitetezo cha m'thupi chatsika, ndipo kuyezetsa HIV m'makiliniki aboma ndi kwaulere.

Amene timagawana bafa m'mafulati a ku Yeoville, Hillbrow kapena Rosettenville, tizisamba titavala patapata, ndipo thaulo lisamabwerekedwe. Abambo, ngati muli ndi njerewere pachibwano, musadutsitsepo lezala kapena makina ometera, chifukwa zimafalikira m'ndevu monse. Muuzeni wometayo alambalale pamenepo, ndipo atsuke makina ake asanakhudze mutu wina.